Khansa yoyambira kuphazi n'kukatulukira m'diso

Mwezi wa February ukafika, mlimi wa fodya kwa Chamama, kwa Santhe, kwa Wimbe kapena kwa Chulu m'boma la Kasungu sakhala ndi mpata woyang'ana kumapazi kwake. Amalawirira kumunda mame asadakamuke, masana amakhala pachigafa kusoka masamba, ndipo dzuwa likamalowa manja ake amakhala atada bii ndi utomoni wa fodya pomwe mapazi ali matope okhaokha. Kadontho kakuda kotuluka kuchidendene panyengo yotereyi sikamudetsa nkhawa. Amati mwina ndi minga, mwina chitsa chidamulasa, mwina ndi magazi oundana chabe. Ntchito imapitirira.

Nthawi zambiri mlimiyo amakhala akulondola. Koma mwa madontho oterewa muli ena omwe ndi chiyambi cha khansa yapakhungu yotchedwa melanoma, yomwe ikalekereredwa imalowa m'magazi n'kukamera m'mapapo, m'chiwindi, muubongo ndi m'mafupa. Mwa apo ndi apo imakamera pamalo omwe palibe angawaganizire: kuseri kwa diso, m'minofu ndi m'mafuta omwe amazungulira disolo. Zikatero diso limayamba kutong'oka, munthu n'kumaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo abale amathamangira kufuna mankhwala a maso osadziwa kuti gwero la vutolo lili kuphazi.

Kufalikira kwa melanoma kuseri kwa diso n'kosowa kwambiri, moti dokotala wa maso akhoza kugwira ntchito zaka zambiri osakumana nako. Palibe chifukwa choti aliyense amene diso lake latupa ayambe kuganiza za khansayi. Chomwe chikuchititsa kuti nkhaniyi ikambidwe n'choti ulendo womwe khansayi imayenda kuchoka kuphazi kukafika kudiso umatenga miyezi kapena zaka, ndipo paulendo wonsewo pamakhala malo angapo pomwe ikadatha kuimitsidwa.

Melanoma ndi chiyani?

Khungu la munthu lili ndi maselo omwe ntchito yawo ndi kupanga melanin, chinthu chomwe chimapatsa khungu, tsitsi ndi maso mtundu wake. Munthu wakuda ndi mzungu ali ndi maselo amenewa ochuluka mofanana. Amasiyana pa kuchuluka ndi mtundu wa melanin yemwe maselowo amapanga. Melanoma imayamba pomwe ena mwa maselowa asokonekera n'kuyamba kuswana mosalekeza. N'chifukwa chake chotupa chake kawirikawiri chimakhala chakuda kapena chotuwa moderako, ngakhale kuti zina zimakhala zofiirira, zopanda mtundu wakuda n'komwe.

Bungwe loona za kafukufuku wa khansa pansi pa World Health Organisation lidawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 325,000 padziko lonse adapezeka ndi melanoma ndipo pafupifupi 57,000 adamwalira nayo. Ambiri mwa anthuwa ndi azungu, makamaka a ku Australia, New Zealand, ku Ulaya ndi ku America, komwe khansayi imabwera kaamba ka kupsa ndi dzuwa. Kuno kwathu khansa zomwe zimasautsa kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya Kaposi, ya kummero ndi ya m'mawere. Melanoma ili kutali pamndandandawo.

Apa ndi pomwe padachokera maganizo oti munthu wakuda sadwala khansa yapakhungu. Zoona zake n'zoti melanin amatchinjirizadi khungu lakuda kudzuwa, koma mtundu wa melanoma womwe umagwira anthu akuda sudalira dzuwa. Umamera malo omwe dzuwa silifikako kwenikweni komanso omwe khungu lake n'loyererako: pansi pa phazi, kuchidendene, pakati pa zala za kumapazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo. Kafukufuku yemwe adachitika pa labotale yoyeza minofu ya pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo adasindikizidwa mu 2019, adapeza zomwe zimapezekanso m'maiko ena a mu Africa, kuti melanoma yambiri m'dziko muno imakhala ya kumapazi ndi kumanja, ndipo odwala amafika nayo kuchipatala italowa kale pansi kwambiri.

Chitsanzo chomwe Amalawi ambiri angachizindikire ndi cha woimba wa ku Jamaica, Bob Marley. Mu 1977 adapezeka ndi melanoma kunsi kwa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi lamanja, bala lomwe poyamba ankaliyesa lovulala posewera mpira. Madokotala adamulangiza kuti chalacho chidulidwe koma iye adakana, ndipo adangochotsa chikhadabo ndi mnofu wozungulira. Kwa zaka zitatu ankaoneka wathanzi, mpaka adakaimba pamwambo wa ufulu wa dziko la Zimbabwe ku Rufaro Stadium mu April 1980. Mu September chaka chomwecho adakomoka akuthamanga mumzinda wa New York, ndipo zidadziwika kuti khansa ija idali itafika m'mapapo, m'chiwindi ndi muubongo. Adamwalira pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36.

Sizidatsimikizike kuti kuyenda opanda nsapato kapena kulasidwa ndi chitsa kumayambitsa khansayi. Ofufuza a ku Japan adaona kuti imakonda kumera malo omwe phazi limapondera kwambiri, monga kuchidendene, zomwe zachititsa ena kuganiza kuti kukhuzika kwa khungu kwa zaka zambiri kungakhale ndi gawo lake. Chodziwika bwino n'choti phazi lozolowera munda, la khungu lokhuthala, la ming'alu ndi zipsera za matekenya ndi minga, limabisa chotupa kwa nthawi yaitali. Fodya payekha si amene amabweretsa melanoma, koma utomoni wake umadetsa zikhatho ndi zikhadabo kwa miyezi ingapo motsatizana, moti mzere wakuda wa kunsi kwa chikhadabo umangooneka ngati litsiro la ntchito.

Anthu achialubino, omwe kalembera wa 2018 adapeza kuti alipo oposa 134,000 m'dziko muno, ali pachiopsezo chachikulu cha khansa yapakhungu yobwera ndi dzuwa, koma khansa yomwe imawagwira kwambiri ndi ya mitundu ina, osati melanoma. Iwo ayenera kumayezetsa khungu pafupipafupi pa zifukwa zawozawo.

Ulendo wa kuphazi mpaka kudiso

Melanoma ikamayamba imayanga pamwamba pa khungu ngati banga la inki pansalu. Pamsinkhu umenewu kuichotsa n'kosavuta: dokotala amadula bangalo pamodzi ndi kachigawo ka khungu labwino kozungulira, ndipo ambiri amachira kotheratu. Ikakhalitsa imasintha njira n'kuyamba kuloza pansi, komwe kuli mitsempha. Katswiri wina wa ku America, Alexander Breslow, adaonetsa mu 1970 kuti tsogolo la wodwala limadalira kwambiri kuzama kwa chotupacho, ndipo muyeso wake ukugwirabe ntchito lero. Chotupa chosapitirira milimita imodzi kuzama kawirikawiri chimakhala chisadafalikire. Chikapitirira mamilimita anayi, komwe ndi kuchindikala kwa timitengo tiwiri ta machesi, chiopsezo choti maselo ake afika kale kwina chimakhala chachikulu.

Maselo othawa pachotupa amayenda njira ziwiri. Yoyamba ndi ya timitsempha tonyamula madzi a m'thupi, tomwe timakathera m'mphechepeche ngati chotupa chili kuphazi, kapena m'khwapa ngati chili kudzanja. Apa munthu amaona mwanabere. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti bala la kuphazi limatulutsa mwanabere, choncho ambiri sadabwa naye. Kusiyana kwake n'koti mwanabere wa bala wamba amapweteka ndipo amaphwa bala likapola, pomwe wa khansa amakhala wolimba ngati mwala, nthawi zambiri sapweteka, ndipo amangokulirakulira.

Njira yachiwiri ndi ya magazi, ndipo ndi imeneyi yomwe imafikitsa khansa kudiso. Diso limakhala m'phanga la mafupa asanu ndi awiri a chigaza, lotambasuka kutsogolo koma losongoka kumbuyo ngati fanulo. Phangali ndi laling'ono, lokwana masupuni awiri aakulu a madzi basi. Diso lenilenilo limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malowo. Kotsalako kuli mafuta omwe amakhala ngati mtsamiro, minofu isanu ndi umodzi yotembenuza diso, mnofu wotukula chikope, mitsempha ya magazi, ndi mtsempha waukulu wonyamula zomwe diso laona kupita nazo kuubongo.

Minofu yotembenuza diso siipuma, imagwira ntchito ngakhale munthu ali mtulo, motero imalandira magazi ambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Madokotala adaona kuti melanoma ikafika m'phangali imakonda kukhazikika m'minofu imeneyi kusiyana ndi m'mafupa. Mwa khansa zonse zomwe zimafalikira kuseri kwa diso, yomwe imatsogola ndi ya m'mawere. Ya m'mapapo ndi ya prostate nazo zimapezeka kawirikawiri. Melanoma yapakhungu ili m'gulu la zomwe zimafikako mwa kamodzikamodzi.

Poti phangalo lazunguliridwa ndi mafupa mbali zonse kupatula kutsogolo, chilichonse chomera mkatimo chilibe kolowera koma kukankha diso kunja. Chotupa chofanana ndi njere ya mtedza, chomwe pantchafu munthu sangachimve n'komwe, kuseri kwa diso chimasintha nkhope. Mnofu umodzi ukauma, maso awiriwo amaleka kuyendera limodzi, ndipo ubongo umalandira zithunzi ziwiri zosagwirizana. Mlimi wosankha fodya amaona tsamba limodzi ngati awiri, wopalasa njinga amaona msewu utagawikana, ndipo ambiri amazindikira okha kuti akatseka diso limodzi zinthu zimabwerera m'malo. Kenako chikope chimagwa kapena kutupa, kuseri kwa diso kumapweteka, ndipo diso likatong'oka kwambiri chikope chimalephera kulitseka usiku, galasi la diso n'kuuma mpaka kuchita chilonda. Chotupa chikapanikiza mtsempha waukulu uja, kuona kumazilala ndipo kukatayika sikubwereranso. Zonsezi zikhoza kuchitika m'masabata owerengeka.

Chovuta kwambiri n'choti zizindikiro za m'diso zikhoza kubwera patapita zaka chotupa cha kuphazi chitachotsedwa. Bala lidapola, chala chidadulidwa kalekale, buku la kuchipatala lomwe mudalembedwa nkhaniyo lidatha kapena lidanyowa ndi mvula, ndipo wodwala saona chifukwa chouzira dokotala wa maso za opaleshoni ya phazi. Dokotalayo naye, pokhala ndi mzere wautali panja, sangaganize zomuvula munthu nsapato pomwe wabwera ndi vuto la diso. Mawu ochepa oti "ndidachotsedwapo chotupa chakuda kuphazi" akhoza kufupikitsa kufufuza kwa miyezi iwiri kukhala kwa masiku ochepa.

Palinso melanoma ina yomwe imayambira m'diso mwenimwenimo, popeza namonso muli maselo opanga melanin. Imeneyi ndi nthenda yosiyana, imagwira kwambiri azungu, ndipo ikafalikira imathamangira kuchiwindi. Ina imayambira pakhungu lopyapyala lokuta mbali yoyera ya diso. Anthu akuda ambiri ali ndi timadontho toderako pambali yoyerayi chibadwire, ndipo timeneti si nthenda. Todetsa nkhawa ndi tomwe tikukula, kutukumuka kapena kuzunguliridwa ndi mitsempha yofiira.

Diso likatong'oka m'Malawi, kawirikawiri chimakhala chiyani?

Kwa munthu wamkulu, diso likhoza kutong'oka chifukwa cha nthenda ya chithokomiro, yomwe nthawi zambiri imagwira maso onse awiri ndipo imabwera ndi kuwonda, thukuta ndi kuthamanga kwa mtima. Likhoza kutong'okanso chifukwa cha mafinya ochokera m'mphuno kapena m'dzino, ndipo apa munthu amatentha thupi, chikope chimafiira, ndipo amafunika kugonekedwa tsiku lomwelo kuti alandire mankhwala opha tizilombo.

Khansa ya m'maso yomwe madokotala m'dziko muno amakumana nayo kwambiri mwa akuluakulu ndi yomwe imayamba ngati kamnofu koyera kapena kofiirira pambali pa galasi la diso. Imayenderana ndi dzuwa komanso kachilombo ka HIV, ndipo idachuluka kwambiri m'chigawo chino cha Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Kwa mlimi wa ku Kasungu yemwe amakhala padzuwa tsiku lonse, iyi ndiyo ili pafupi kuposa melanoma. Ikapezeka msanga imachotsedwa pa opaleshoni yaing'ono ndipo diso limapulumuka. Ikachedwa imadya diso n'kulowa m'phanga lija, moti madokotala amakakamizika kuchotsa zonse za mkatimo.

Kwa ana, makolo ayenera kudziwa mitundu iwiri. Woyamba ndi Burkitt lymphoma, khansa yomwe dokotala Denis Burkitt adaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, yomwe imatupitsa nsagwada, mimba kapena diso mofulumira kwambiri koma imamva mankhwala. Wachiwiri ndi retinoblastoma, yomwe imagwira ana osakwana zaka zisanu ndipo imayamba ndi kuwala koyera pakati pa diso ngati diso la mphaka usiku.

Matenda onsewa ali ndi chithandizo chosiyana, ndipo palibe angawasiyanitse pongoyang'ana. Palibenso ngakhale amodzi mwa iwo omwe amatha ndi mankhwala odonthezera a m'golosale. Kafukufuku yemwe adachitika ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990 adaonetsa kuti odwala maso ambiri akumudzi amayamba adontheza mankhwala azitsamba asadapite kuchipatala, ndipo madzi a masamba ndi mizu akalowa m'diso lomwe lili kale ndi chilonda amatha kuliwonongeratu. N'zomveka kuti bala losapola la kuphazi limachititsa munthu kuganiza kuti adaponda mankhwala m'malire a munda, makamaka kudera komwe mikangano ya malo siisowa. Koma kutema mphini pachotupa chakuda kapena kuchiwotcha kumangochisandutsa chilonda, ndipo miyezi yomwe imathera pamenepo ndi yomwe khansa imafuna kuti izame.

Njira ya kuchipatala

Wodwala wa ku Kasungu amayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera lake, kapena pa zipatala za mishoni monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya, kenako n'kutumizidwa kuchipatala cha boma cha Kasungu. Nkhani za khansa ndi za maso zikakula zimapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1, komwe kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First. Chipatala cha Nkhoma nachonso n'chodziwika pa chithandizo cha maso.

Chotsimikiza kuti chotupa ndi melanoma ndi chimodzi chokha: kudula kachidutswa kapena chotupa chonse n'kukachiyeza ku labotale. Ku Kamuzu Central labotale yotereyi idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndipo izi zisadachitike minofu ya odwala a m'chigawo chapakati inkadalira kwambiri ku Blantyre. Apa pali mfundo yomwe wodwala aliyense ayenera kuigwiritsa: chotupa chakuda chikachotsedwa kuphazi, ngakhale pachipatala chaching'ono bwanji, chisatayidwe. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati chatumizidwa kukayezedwa, tsiku lomwe zotsatira zidzatuluke, ndipo ayenera kubwerera kukazimva ngakhale bala litapola bwinobwino. Kupola kwa bala sikutanthauza kuti nkhani yatha. Zotsatira ndi zomwe zimanena ngati pakufunika kudula mokulirapo, kuchotsa mwanabere, kapena kumabwera kudzaonedwa miyezi ingapo iliyonse.

Ngati vuto lili kale kuseri kwa diso, madokotala amajambula mutu ndi makina a CT kapena MRI kuti aone pomwe pali chotupa, ndipo amayang'ananso chifuwa ndi mimba. Kawirikawiri melanoma ikamafika kudiso imakhala itafika kale m'ziwalo zina. Izi n'zowawa kumva, koma banja liyenera kuzidziwa, chifukwa zimasintha cholinga cha chithandizo. Kuchotsa diso sikuchiza khansa yomwe ili m'mapapo ndi m'chiwindi, motero madokotala sathamangira kutero. Chomwe amalimbana nacho ndi kuteteza kuona, kuchepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo: mankhwala ophwetsa kutupa, mafuta oteteza galasi la diso kuti lisaume, kusoka mbali ya chikope kuti diso litsekeke, kuphimba diso limodzi kuti munthu aleke kuona ziwiriziwiri, komanso kuwotcha chotupacho ndi makina a radiotherapy.

Kwa zaka zambiri makina amenewa m'dziko muno mudalibe, ndipo odwala ankadikira pamndandanda wopita kunja, monga ku India ndi ku Tanzania. Zinthu zidayamba kusintha mu 2024 pomwe chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chidatsegulidwa, ndipo ku Lilongwe boma lidamanga National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central. Kwa munthu wa ku Kasungu, chithandizo cha ku Lilongwe ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa minibasi m'malo mwa pasipoti ndi ndege.

M'maiko olemera, melanoma yofalikira siikuonedwanso ngati chigamulo cha imfa monga zidalili kale. Kuyambira mu 2011 kudabwera mankhwala omwe amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizilimbana ndi maselo a khansa, ndipo akatswiri awiri omwe adatsegula njirayi, James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, adalandira mphotho ya Nobel mu 2018. Mtsogoleri wakale wa dziko la America, Jimmy Carter, adalengeza mu 2015 kuti melanoma yamufika m'chiwindi ndi muubongo ali ndi zaka 90. Adalandira amodzi mwa mankhwalawa, otchedwa pembrolizumab, pamodzi ndi radiotherapy, ndipo adakhala moyo mpaka pa 29 December 2024 pomwe adamwalira ali ndi zaka 100.

Nkhani ya Carter ndi yolimbikitsa, koma kuiuza mlimi wa kwa Kaluluma popanda kuwonjezera zina kungakhale kumunamiza. Mankhwalawa ndi okwera mtengo kwambiri, moti chithandizo cha chaka chimodzi sichingalipiridwe ndi mabelo a mlimi wamba ngakhale a zaka zambiri. Kuwonjezera apo, melanoma ya kumapazi yomwe imagwira anthu akuda siimva mankhwalawa bwino ngati ya azungu yobwera ndi dzuwa, ndipo kafukufuku wambiri adachitikira pa azungu. Ngakhale ku America komweko, mwa anthu 100 omwe melanoma yawo yapezeka isadachoke pakhungu, pafupifupi 99 amakhala ali moyo pakatha zaka zisanu, pomwe mwa omwe yafalikira kutali amatsala ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Kuno kwathu chida champhamvu chomwe chilipo ndi mpeni wa dokotala, ndipo chimagwira ntchito chotupa chikadali pamwamba.

Kwa omwe khansa yawo yapitirira, chithandizo chochepetsa ululu chilipo. Zipatala za boma zimapereka morphine wakumwa, ndipo malo monga Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre adadziwika ndi ntchito yosamalira odwala otere. Abale ena amaopa morphine poganiza kuti amafulumizitsa imfa, koma akaperekedwa pamlingo woyenera amathandiza wodwala kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake.

Kalendala ya fodya ndi kalendala ya nthenda

Kuchedwa kwa mlimi wa fodya si umbuli wokha. Chaka chake chidagawidwa kale: nazale mu September ndi October, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthira feteleza, kudula mitu, kuthyola, kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo, mpaka msika wa Chinkhoma utatsegulidwa cha mu April. Nthawi yomwe ntchito ili pachimake ndi yomwenso m'nyumba mulibe ndalama, ndipo misewu yochokera m'maesiteti imakhala itawonongeka ndi mvula. Opaleshoni ya pansi pa phazi imatanthauza masabata angapo osaponda pansi. Kwa munthu wolima pamunda wa wina, yemwe malipiro ake amabwera fodya akagulitsidwa, masabata amenewo akhoza kudya phindu la chaka chonse. Lamulo la ntchito lidasinthidwa mu 2021 kuti lithetse utenanti, koma wogwira ntchito m'munda wa fodya akadali munthu yemwe kudwala kwake kumawerengedwa m'mabelo.

Choncho chiganizo choti "ndipita ndikagulitsa fodya" chimamveka chanzeru. Vuto ndi loti kuchoka mu December kufika mu June ndi miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yokwanira kuti chotupa chomwe chayamba kuloza pansi chizame ndi mamilimita angapo. Pali manthanso oti kuchipatala akadula mwendo. Kunena zoona, wofika msanga amataya kachigamba ka khungu kapena chala chimodzi. Omwe amadulidwa phazi lonse ndi omwe afika chotupa chitaphulika n'kuyamba kununkha. Anthu akamaona okhawo obwerako opanda phazi, mantha amakula ndipo otsatira amachedwa koposa.

Eni maesiteti, makampani ogula fodya omwe ali ndi alangizi m'midzi, ndi alangizi a zaumoyo ali ndi mwayi womwe dokotala wa ku Lilongwe alibe, chifukwa amakumana ndi alimiwa sabata ndi sabata. Makampani omwewo amaphunzitsa kale za kuvala magolovesi ndi majombo pothira mankhwala. Kuwonjezerapo mphindi zisanu zonena za banga la kuphazi sikungawawonongere kalikonse.

Kudziyang'ana sikufuna chida. Munthu asambe mapazi ndi sopo, akhale poyera, ndipo ngati msana sulola, mwana kapena mdzukulu amuyang'anire pansi pa phazi, kuchidendene ndi pakati pa zala. Izi n'zofunika kwambiri kwa omwe apitirira zaka 50, chifukwa melanoma ya kumapazi imakonda achikulire, amayi ndi abambo omwe. Timadontho tating'ono tofanana mtundu, tomwe takhalapo zaka osasintha, n'tachibadwa kwa anthu akuda ambiri, monganso timizere toderako pa zikhadabo zingapo. Chofunika kupita nacho kuchipatala ndi banga lomwe likukula, lopanda malire ooneka bwino, la mitundu yosakanikirana, kapena lotambalala kuposa mamilimita 6 kapena 7, komwe ndi kukula kwa njere ya chimanga. Chimodzimodzinso mzere wakuda pachikhadabo chimodzi womwe ukunka nutambalala kapena kudetsa khungu la m'mbali mwa chikhadabocho, ndi bala la kuphazi lomwe latha miyezi iwiri likulandira mankhwala koma osapola.

Magazi oundana kunsi kwa chikhadabo amayenda nacho chikhadabocho chikamakula, mpaka amafika kumapeto n'kuwengedwa. Melanoma imakhala pomwepo. Njira yapafupi yodziwira ndi kujambula bangalo pafoni litayandikizidwa ndi ndalama yachitsulo, n'kudzalijambulanso pakatha mwezi umodzi. Likakhala kuti lakula kapena lasintha maonekedwe, zithunzi ziwirizo apite nazo kuchipatala pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, lakale ndi latsopano lomwe.